Fumbi la pa kwale silimva paipi, limamva nkhungu

Mukafika pa kwale mwezi wa Okutobala, yang'anani nkhope za anyamata a pa makina ophwanya miyala. Nsidze zili mbuu, tsitsi ngati la nkhalamba. Komatu fumbi looneka ndi masoli lambiri limakodwa m'mphuno. Loopsa ndi lija losaoneka, losakwana ma micron 10 (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), pomwe tsitsi limodzi la munthu limanenepa pafupifupi ma micron 70. Limenelo limatsikira m'mapapo. Miyala ngati granite ili ndi silika, yemwe amayambitsa silicosis, matenda osachiritsika amene amatsegulira chitseko chifuwa chachikulu. Mabanja amene abambo awo anapita ku Theba akuchidziwa chifuwa chimenechi. Mu 2018 makampani 6 a migodi ya golide ku South Africa anavomera kupereka R5 biliyoni ngati chipepeso kwa odwala ndi mabanja awo.

Akapitawo ambiri amati akamwaza madzi ndi paipi ndiye kuti athana nalo. Ayi ndithu. Dontho lalikulu likamagwa limakankha mpweya, ndipo kafumbi kamangolilambalala ndi mpweyawo. Mwataya madzi, pansi pachita matope, anthu akupumabe fumbi. Kuti dontho ligwire fumbi, ziyenera kukhala zofananako msinkhu. N'chifukwa chake pamafunika pampu yamphamvu, yofika pa 70 bar (muyeso wa mphamvu yokankha madzi), yokankhira madzi m'timilomo ta mabowo ochepetsetsa. Madzi amatuluka ngati nkhungu ya m'mamawa, n'kumatirira ku fumbi, fumbilo likalemera n'kugwa.

Timilomoti tiikeni pobadwira fumbi: pakamwa pa makina, pogwera miyala kuchoka pa lamba wina kupita pa wina, ndi pa sefa ya miyala. Malo amenewa atchingeni ndi malata kapena mphira, chifukwa mwera ukawomba umatenga nkhungu yonse kupita nayo kutchire.

Chimene chimandipweteka mtima ndi kupeza makina opopera nkhungu okwera mtengo atangoti zii chifukwa cha madzi. Madzi a pa mjigo amchere kapena a m'dziwe la pa kwale pomwepo amatseka timabowo posachedwa. Ikani sefa pampu isanakoke madzi, ndipo m'mawa uliwonse wina ayende kuona kamlomo kalikonse. Kakamadontha kapena kupopera mopendama, kachotseni mukatsuke. Musakatokose ndi waya, mukulitsa bowo ndipo nkhungu isanduka mvula. Thanki muzitsukanso, pakuti madzi ofunda ogonera amaswa tizilombo ta Legionella toyambitsa chibayo, ndipo anthu adzatipumira limodzi ndi nkhunguyo.

Pa simenti wopera kale kapena pa ufa wa m'chigayo musapopere. Simenti amauma, ufa umachita chuku. Kumeneko gwiritsani makina okoka fumbi. Ndipo ngakhale nkhungu ikugwira bwino, mnyamata woima pakamwa pa makina apatsidwe masiki ya N95 yomukwana bwino, osati duku lomanga kukamwa.