Momwe mungadzalire mpanda wa nkhadze osapweteka maso

Nkhadze, yomwe akatswiri a zomera amaitcha Euphorbia tirucalli, ndi ya banja limodzi ndi chinangwa komanso nsatsi. Timasamba take timayoyoka tikadali tating'ono, motero chakudya imapangira m'nthambi zake zobiriwira zija, zonenepa ngati pensulo, momwenso imasunga madzi. N'chifukwa chake imapirira chilala, ndipo ngakhale ku India ndi ku Brazil, komwe idachita kupititsidwa, tsopano imamera yokha. Mdani wake wamkulu ndi chinyontho.

Choncho sankhani malo osadikha madzi. M'mapiri a miyala ngati ku Ndirande, ku Soche kapena ku Bangwe imagwira bwino, koma m'madambo a m'mbali mwa mtsinje wa Mudi imaola. Nthawi yabwino ndi Seputembala kapena Okutobala, mvula isanagwe. Nthawi ya chiperoni musayese n'komwe, nthaka imakhala yozizira ndi yonyowa.

Musanagwire chikwanje, valani magolovesi, malaya a manja aatali ndi magalasi. Utomoni woyera womwe umatuluka mukangodula umaotcha khungu, ndipo ukagwera m'diso munthu amatha masiku osaona bwino. Zikatero tsukani disolo ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 15 mpaka 20, osalitikita, kenako thamangirani kuchipatala. Ku Queens, chipatala chachikulu cha ku Blantyre, kuli chipatala cha maso. Ambiri amavulala popukuta thukuta ndi dzanja lomwe lagwira utomoni.

Dulani nthambi zokhwima zotalika masentimita 40 mpaka 60. Musazidzale tsiku lomwelo. Ziyaleni pamthunzi kwa masiku 5 mpaka 7 kuti pabalapo paume n'kuchita nkhanambo. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: bala laliwisi likakhudza dothi lonyowa, nthambi imada kumunsi, n'kufewa, n'kugwa.

Kumbani kangalande kakuya masentimita 15, imikani nthambizo motalikirana masentimita 30, kwirirani n'kutsendera ndi phazi. Manyowa safunika. Ngati dothi ndi lamakande, sakanizani ndi mchenga. Kuthirira kamodzi pa sabata n'kokwanira mpaka mvula itayamba.

Mpanda ukafika m'chifuwa, muziudulira pamwamba chaka chilichonse kuti uchite nthambi zambiri m'munsi. Mukaulekerera umasanduka mitengo yoposa mamita 5, pansi n'kusiya mipata yodutsa nkhuku ndi agalu. Zodulazo musasonkhezere moto, utsi wake umalowa m'maso. Musadzalenso pafupi ndi damu la nsomba, popeza utomoniwo umapha nsomba, kapena pabwalo posewerera ana.