Mmene mungadziwire ngati bondi ili ionic kapena covalent pongochotsera manambala awiri

Nkhani ya ma bondi, kutanthauza kugwirana kwa ma atomu, imasokoneza ophunzira ambiri a chemistry, koma mukaigwira bwino mupeza kuti mbali yaikulu ndi masamu a kuchotsera basi. Atomu iliyonse ikagwirana ndi inzake imakokera ma elekitironi kwa iyo, ndipo mphamvu yokokera imeneyi ndi imene amati electronegativity. Sikelo imene mabuku ambiri amagwiritsa ntchito anapanga ndi Linus Pauling mu 1932, pa sikelo imeneyi fluorine ndiye ali pamwamba ndi 3.98, cesium ali kumunsi kwenikweni ndi 0.79.

Choyamba pezani manambala a ma atomu awiri omwe agwiranawo. Ena ndi bwino kungowaloweza chifukwa mudzakumana nawo pafupipafupi: oxygen 3.44, chlorine 3.16, nitrogen 3.04, carbon 2.55, hydrogen 2.20, sodium 0.93. Mukaiwala kumbukirani kuti pa periodic table manambalawa amakula mukamapita kumanja ndi kumtunda, ndiye zitsulo zakumanzere zili ndi manambala ang'ono.

Kenako chotsani nambala yaing'ono pa yaikulu. Yaikulu iyambe nthawi zonse, musavutike ndi yankho la minus.

Tsopano yankho lanulo mulitanthauzire. Ganizani anthu awiri ofunda bulangeti limodzi usiku wozizira. Ngati mphamvu zawo zili zofanana kapena zikusiyana pang'ono, bulangeti limakhala pakati, imeneyo ndi nonpolar covalent ndipo kusiyana kwake kumakhala kosapitirira 0.4. Wina akakhala wamphamvuko amakokera mbali yaikulu kwake koma mnzakeyo akadafundabe, imeneyo ndi polar covalent, kuyambira pamwamba pa 0.4 kufika 1.7. Kusiyana kukadutsa 1.7 ndiye kuti wamphamvu uja walanda bulangeti lonse, elekitironi yasamuka, atomu imodzi yatsala ndi chaji ya positive ina ya negative (ma atomu okhala ndi chaji otere amatchedwa ma ion), bondi ya ionic imeneyo.

Tiyeseko. Sodium ndi chlorine: 3.16 kuchotsa 0.93 ndi 2.23, yadutsa 1.7 kutali, ionic, ndipo n'chifukwa chake NaCl, mchere wa m'ndiwo uja, imafuna kutentha kwa 801°C kuti isungunuke, ma ion ake agwirana zolimba. Hydrogen ndi chlorine: 3.16 kuchotsa 2.20 ndi 0.96, polar covalent, mbali ya chlorine mumalembapo δ− mbali ya hydrogen δ+, kusonyeza chaji yochepa chabe ya negative ndi ya positive. Carbon ndi hydrogen ndi 0.35, nonpolar. Ma chlorine awiri mu Cl₂ ndi 0, palibe wokoka kuposa mnzake.

Pamene ndimafuna mukhazikikepo ndi pa 1.7 yemweyu, chifukwa ambiri amamutenga ngati khoma loti ukangodumpha zinthu zasintha, pomwe sizili choncho. Ma bondi amasintha pang'onopang'ono kuchoka ku covalent kupita ku ionic, ndipo 1.7 anasankhidwa chifukwa pa kawerengedwe ka Pauling pamenepo ndi pamene bondi imakhala pafupifupi theka ionic theka covalent. Mabuku ena amaika malire pa 2.0, ena malire a nonpolar amaika pa 0.5, ndiye ngati mukukonzekera mayeso tsatani manambala a buku limene aphunzitsi anu akugwiritsa ntchito, musasakanize.

Onani HF, hydrogen yogwirana ndi fluorine. 3.98 kuchotsa 2.20 ndi 1.78, mukangotsata nambala munena kuti ionic, koma ayi, HF ndi ma molekyu ndithu ndipo imawira pa 20°C kapena pafupi pamenepo, zomwe mchere wa ionic sungachite. Hydrogen ndi fluorine onse si zitsulo, amagawana ma elekitironi ngakhale fluorine akukoka kwambiri, ndiye yankho ndi polar covalent. Kumbali inayo kuli sodium hydride, NaH, kusiyana kwake ndi 1.27 chabe koma ndi ionic. N'chifukwa chake ine ndimati yankho likagwera pafupi ndi malire, kapena likukayikitsani, bwererani ku periodic table mufunse kuti kodi pali chitsulo apa? Chitsulo cha Group 1 kapena 2 (mizere iwiri yotsika yoyambirira kumanzere kwa tebulolo) chikagwirana ndi chosakhala chitsulo nthawi zambiri mumapeza ionic, zosakhala zitsulo zokhazokha mumapeza covalent.

Chinanso chomwe anthu amalakwitsa ndi kuganiza kuti bondi ikakhala polar ndiye kuti molekyu yonse ili polar. Kuchotsera kwathuku kumangonena za bondi imodzi. Mu CO₂ bondi ya carbon ndi oxygen ili ndi kusiyana kwa 0.89, polar ndithu, koma molekyu yake ndi yowongoka, ma oxygen awiriwo akukoka mofanana wina uku wina uko ndiye kukokako kumafafanizana, molekyu yonse ili nonpolar. Madzi ndi osiyana, bondi ya oxygen ndi hydrogen ndi 1.24 ndipo molekyu yake ndi yopindika pa ngodya ya madigiri 104.5, kukoka konse kumalowera mbali ya oxygen. Ndiye funso likati tchulani mtundu wa bondi, chotserani manambala n'kuyang'ana ngati pali chitsulo, koma likati kodi molekyuyi ili polar, jambulani kaye maonekedwe ake musanayankhe.