Sienta yanga inkanjenjemera pa idling, vuto linali koilo

Galimoto yanga ya Toyota Sienta ya injini ya 1NZ inandisowetsa mtendere pafupifupi masabata awiri. Ndikaima pa maloboti chiwongolero chimanjenjemera ngati galimoto izima pompo, ndikaponda moto imayamba yatsamwa kaye kenako ndiye nkunyamuka, mafutanso imangomwa. Ndinayamba ndi zotchipa, air filter ndinasintha, throttle body (polowera mpweya mu injini) ndinatsuka ndi carb cleaner panatuluka zakuda bii koma vuto osatha.

Mnzanga wina anabwera ndi kamakina ka OBD kopimira mavuto a galimoto, kanawerenga code ya P0303, kutanthauza kuti silinda yachitatu ikuphonya moto. Apa musathamangire kugula zinthu ayi. Injini imeneyi pulagi iliyonse ili ndi koilo yake (kachipangizo kopereka moto ku pulagi), yomangidwa ndi bawuti imodzi ya 10mm basi, ndiye ndinangosinthanitsa koilo ya nambala 3 ndi ya nambala 1, tinafufuta code nkuyendako pang'ono. Inabwera P0301, ya silinda yoyamba, vuto lasamuka limodzi ndi koiloyo! Nditaiyang'anitsitsa, labala yake inali ndi kamng'alu komanso kamzere kotuwa pomwe moto umathawira.

Ndinagula koilo ina ya Denso, mapulagi ndinasintha onse anayi poti anali atadyeka. Pano ikaima ili phee ngakhale nditayatsa AC.