Momwe mungathandizire m'bale wokodwa ndi mankhwala ozunguza bongo yemwenso satha kuwerenga

Mavuto awiriwa amakonda kuyendera limodzi koma ife timangoona la mowa kapena chambalo, poti ndi lomwe limasokosa pakhomo. La kusawerengali munthu amalibisa zaka ndi zaka. Mukamupatsa fomu amati aaa ndaiwala magalasi, kapena tandiwerengereni inuyo maso akundiwawa, ndiye kuchipatala akamulembera tsiku lobweranso pa kakhadi iye sapita, aphungu nkumati mkuluyu alibe nazo chidwi zosiya, chonsecho zalembedwazo sakuzitola nkomwe. Ngati muli ndi mwana, mchimwene kapena mnzanu wotere, yendani motere.

Choyamba lankhulani naye asanalawe kanthu. Osati usiku akubwera ali dzandidzandi, osatinso pagulu. M'mawa, muli awiriwiri. Nenani zomwe mwaona ndi maso anu, zoti sabata ino wajomba ku ntchito masiku atatu, wawonda, sukugona, osayamba ndi zoti watichititsa manyazi. Akakana musakokanekokane naye, mudzayambenso tsiku lina, ambiri savomera ulendo woyamba.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pomwe mabanja ambiri amalakwitsa, musamutsekere m'chipinda kuti asiye mokakamiza. Munthu yemwe wakhala akumwa mowa wambiri tsiku ndi tsiku akasiya mwadzidzidzi thupi limagalukira, pakangotha maola 6 mpaka 24 amayamba kunjenjemera, thukuta kamukamu, kusanza, ena amagwa ngati akhunyu, ndipo likamafika tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena mutu umasokonekera nkumaona zinthu zoti palibe. Zimenezi zimapha ndithu. Chimodzimodzi amene anazolowera mapilisi ogonetsa ngati diazepam. Pitani naye kwa dokotala kuti asiye akuyang'aniridwa. Wa mankhwala ozunguza bongo aja amati heroin pali mankhwala ake, methadone ndi buprenorphine, omwe amachepetsa chibaba. Wa chamba nthawi zambiri sizifika poopsa choncho, amangokhala waukali, tulo osabwera, chakudya osachifuna kwa sabata imodzi kapena ziwiri, mumupirire basi.

Kenako sakani pulogalamu ya uphungu, kaya yogonera konko kaya yoyendera. Musachite manyazi kufunsa: pali dokotala kapena nesi? Zimatenga nthawi yaitali bwanji? Akatuluka mumamutsatira? Bungwe la ku America la National Institute on Drug Abuse limanena kuti thandizo losakwana masiku 90 silipindula kwenikweni, ndiye malo akakulonjezani kuti m'masabata awiri akhala atachira, kaikirani. Komwe amamenya kapena kumanga anthu maunyolo thawaniko, kumeneko si kuchiza. Ndipo iye akalola, auzeni aphungu pachiyambi pomwe kuti satha kuwerenga, chifukwa mapulogalamu ambiri amagawa timabuku nkumauza anthu kuti azilemba momwe tsiku layendera, mnzanuyo azingopinda pepala nkuika m'thumba. Akadziwa amamufotokozera pakamwa, kapena kumujambulira mawu pa foni. Palinso magulu a anthu osiya okhaokha, Alcoholics Anonymous yomwe inayamba mu 1935 mumzinda wa Akron ku America ndi Narcotics Anonymous ya mu 1953, kulowa sikulipira ndipo zambiri ndi zokambirana, wosawerenga amakwanamo bwinobwino.

Tsopano za kuwerenga. Musathamangire sabata yoyamba mutu ukadali wolemera, dikirani ayambe kugona ndi kudya bwino. Mukatero pezani kalasi ya akuluakulu kapena munthu mmodzi woleza mtima woti azikhala naye, mwina inuyo, koma ngati mumapsa mtima msanga siyirani ena. Mphindi 20 kapena 30 tsiku lililonse zimaposa maola atatu a Loweruka lokha. Ine ndimati phunzirolo liikeni pa ola lomwe ankanyamukira kupita kwa anzake aja, chifukwa munthu akasiya mankhwala amatsala ndi nthawi yambiri yopanda chochita ndipo chibaba chimabwera pa nthawi yake ngati wotchi.

Musamubweretsere buku la ana lokhala ndi zithunzi za mphaka ndi mpira, bambo wa zaka 35 amaona ngati mukumunyoza ndipo mawa sabweranso. Katswiri wa zamaphunziro Paulo Freire wa ku Brazil anaonetsa zimenezi mu 1963 ku Angicos, komwe anthu akuluakulu pafupifupi 300 anaphunzira kuwerenga m'maola 40 okha a maphunziro poyambira pa mawu a moyo wawo womwe. Inunso yambani ndi dzina lake. Lilembeni ndi zilembo zikuluzikulu, aliyendetse chala, alikopere, kenako muliduledule m'maphatikizo nkupanga nawo mawu ena. Likatha dzina lake bwerani ndi la mwana wake, masiku a sabata omwe ali pa kakhadi ka kuchipatala kaja, dzina la mankhwala omwe akumwa. Njira ina yabwino ndi yoti iye anene ziganizo ziwiri za tsiku lake, inu mulembe ndendende momwe wanenera osakonza, nkuwerengera limodzi mukuloza liwu ndi liwu. Dzanja limakhala louma poyamba, pensulo amaigwira mwamphamvu mpaka kuboola pepala, musaseke. Tsiku lomwe adzasaine yekha osadinda chala mudzaona nkhope yake. Ngati papita miyezi akusokonezabe b ndi d, kamuyezetseni maso kaye, kenako mufunse za vuto lovutika kuzindikira zilembo ndi mawu lomwe amati dyslexia.

Chomaliza, konzekerani zoti akhoza kubwereranso. Bungwe la ku America lija limati anthu 40 mpaka 60 mwa 100 aliwonse omwe alandira thandizo amayambiranso, ndiye zikachitika musaotche makope nkumati tinataya nthawi. Choopsa apa ndi choti thupi lasiya kuzolowera, mlingo womwe ankatenga kale ukhoza kumupha, makamaka wa heroin, choncho funsani achipatala ngati mungapeze naloxone, mankhwala otsitsimutsa munthu yemwe wapyola mlingo wa heroin, woti muzisunga pakhomo. Mukampeza sakudzuka kapena akupuma movutikira thamangirani naye kuchipatala, osadikira kuti kuche. Akatsitsimuka imbirani aphungu ake, mukambirane chomwe chinamukoka, kaya ndi anzake akale kaya ndalama zomwe anagwira nthawi imodzi, ndipo pa ola lija la phunziro tulutsani kope mupitirize pa tsamba lomwe munalekezera.