Kulumikiza pulinta ku Wi-Fi ya pakhomo kuti isamasowe pa kompyuta

Nthawi zambiri pulinta ya Wi-Fi silankhulana ndi laputopu kapena foni yanu mwachindunji. Zonse zimadzera pa rauta, kaya ndi ija ya magetsi yokhala pa shelefu kapena MiFi ya m'thumba. Choncho lamulo loyamba ndi ili: pulinta ndi chipangizo chomwe mukufuna kupulintira zikhale pa netiweki imodzi. Foni ikakhala pa data ya simu, pulinta ili pa Wi-Fi, sizionana ngakhale zitagundana pa tebulo limodzi.

Musanayambe, thirani inki, ikani mapepala, ndipo pulinta imalize kudzikonzekeretsa mpaka magetsi ake asiye kuphethira. Ikhale pafupi ndi rauta, mamita awiri kapena atatu. Mudzaisuntha pambuyo pake. Lembani papepala dzina la Wi-Fi ndi pasiwedi yake, zilembo zazikulu ndi zazing'ono monga zilili. Ngati simunazisinthepo, zili pa sitika pansi pa rauta kapena mkati mwa chivindikiro cha MiFi.

Tsopano nkhani yomwe imagwetsa anthu ambiri mphwayi. Wi-Fi imayenda m'magulu awiri, 2.4 GHz ndi 5 GHz. Mapulinta ambiri otsika mtengo, monga Epson L3250, amamva 2.4 GHz yokha. Rauta yanu ikamaonetsa mayina awiri, lina lothera ndi 5G, sankhani lopanda 5G, ndipo foni yomwe mukulumikizira ikhalenso pomwepo. Marauta ena amaphatikiza magulu onse pa dzina limodzi. Zikatero pulinta imatha kufufuza mpaka kutopa osapeza kanthu. Lowani mu makonzedwe a rauta (njira yolowera ili m'munsimu), zimitsani 5 GHz kwa kanthawi, lumikizani pulinta, kenako muyatsenso. Onaninso mtundu wa chitetezo cha Wi-Fi mu rautamo: chikakhala pa WPA3 yokha, mapulinta akale amakana pasiwedi ngakhale ili yolondola. Ikani pa WPA2 kapena pa WPA2/WPA3.

Njira zolumikizira zilipo zitatu. Pulinta yokhala ndi sikirini ndiyosavuta: pitani pa Wireless Setup Wizard kapena Wi-Fi Setup, sankhani dzina la netiweki, lembani pasiwedi.

Yopanda sikirini imafuna WPS (kulumikiza podina batani, osalemba pasiwedi) kapena pulogalamu ya pa foni. Pa WPS, dinani batani lolembedwa WPS pa rauta, kenako pasanathe mphindi 2 mugwire batani la Wi-Fi pa pulinta. Pa Epson L3250 muligwire masekondi osachepera 5 mpaka magetsi awiri a netiweki ayambe kuphethira mosinthana. Getsi la Wi-Fi likayaka osaphethiranso, yalumikizika. Mukachedwa kupitirira mphindi ziwirizo, yambiraninso. Si rauta iliyonse ili ndi batanili, ndipo pa zina WPS imabwera itazimitsidwa mkati.

Ngati WPS palibe, ikani pa foni pulogalamu ya kampani yomwe inapanga pulintayo: HP Smart (pena imangotchedwa HP), Epson Smart Panel kapena Canon PRINT. Yatsani Bluetooth ndi Location, ndipo pulogalamuyo ikapempha chilolezo muilole. Ambiri amakana poganiza kuti ikufuna kuwalonda, koma popanda chilolezocho Android siilola kuona mayina a Wi-Fi oyandikira. Dziwaninso kuti mapulinta ambiri a HP amadikira kulumikizidwa kwa maola 2 okha atayatsidwa koyamba. Nthawiyo ikapita muyenera kubwezeretsa makonzedwe a netiweki, ndipo mabatani ochitira zimenezi amasiyana, choncho onani kabuku kake. Chitani chimodzimodzi ndi pulinta yomwe mwagula kwa munthu wina, chifukwa imakhala ikufunafunabe Wi-Fi ya mwini wake wakale.

Ikalumikizika, musathamangire kupulinta CV. Tulutsani kaye pepala la lipoti la netiweki. Pa Epson mumadina batani lokhala ndi chizindikiro cha i, pa zokhala ndi sikirini lili mu Network Settings kapena Reports. Papepalapo funani zinthu ziwiri: IP address (adiresi ya pulinta pa netiweki) ndi MAC address (nambala yakeyake ya pulinta, yosasintha). IP address yabwino imaoneka ngati 192.168.8.103 kapena 192.168.0.105. Ikayamba ndi 169.254, ndiye kuti rauta sinaipatse adiresi ndipo pulinta yangodzipangira yake. Pa MiFi chimachititsa kawirikawiri ndi kudzaza, chifukwa iliyonse ili ndi malire a zipangizo zomwe ingalandire. Chotsanipo foni imodzi, zimitsani pulinta, yatsaninso.

Sitepe yotsatirayi ndi yomwe kabuku ka m'katoni sikanena, koma ndiyo imasiyanitsa pulinta yodalirika ndi yomwe imalemba Offline sabata iliyonse. Rauta imangobwereketsa maadiresi. Magetsi akathima n'kuyakanso, imatha kugawa mwatsopano potengera amene wayamba kufika. Adiresi yomwe inali ya pulinta dzulo imatha kupita kwa foni ya mwana lero, kompyuta n'kumagogodabe pa khomo lakale. Kumene magetsi amathimathima, zimenezi zimachitika pafupipafupi, ndipo anthu amafika poganiza kuti pulinta yafa.

Mankhwala ake ndi kuipatsa adiresi yokhazikika. Tsegulani browser, lembani adiresi ya rauta. Ma MiFi ndi marauta ambiri a Huawei ali pa 192.168.8.1, a TP-Link ambiri pa 192.168.0.1. Pansi pa DHCP, mbali yomwe imagawa maadiresi, funani Address Reservation kapena IP and MAC binding, lembani MAC address ya pa lipoti lija ndi adiresi yomwe pulinta ili nayo panopa, sungani. Ngati rauta yanu ilibe mbali imeneyi, chitirani pa pulinta: lembani adiresi yake mu browser, tsamba lake litseguka, sinthani IP kuchoka pa Auto kupita pa Manual. Sankhani nambala yomwe rauta sigawa. Mwachitsanzo, ngati rauta ili pa 192.168.8.1 ndipo imagawa maadiresi othera ndi 100 mpaka 200, tengani 192.168.8.50, subnet mask 255.255.255.0, gateway 192.168.8.1.

Pa Windows 11 pitani pa Settings, Bluetooth & devices, Printers & scanners, Add device. Ikapanda kuoneka, dikirani mpaka patuluke Add manually, sankhani kuwonjezera pogwiritsa ntchito IP address, lembani adiresi yokhazikika ija. Onetsetsani kuti Wi-Fi ya pakhomo yaikidwa pa Private, osati Public, chifukwa Public imaletsa kompyuta kuona zipangizo zinzake. Driver, pulogalamu yoyendetsera pulinta pa kompyuta, tengani pa tsamba la kampani yeniyeni, makamaka ngati mukufunanso kuchita sikani. Pa iPhone ndi Mac, pulinta yokhala ndi AirPrint imangooneka yokha. Pa Android yatsani Default Print Service kapena ikani Mopria.

Ikalembabe Offline, lembani adiresi ya pulinta mu browser. Tsamba likatseguka, netiweki ili bwino ndipo vuto lili pa kompyuta: zimitsani VPN ngati muli nayo, chotsani chizindikiro pa Use Printer Offline, fufutani ntchito zomwe zatsakamira pamzere. Likakana kutseguka, onani ngati laputopu sili pa netiweki ya Guest, kapena ngati AP Isolation siinayatsidwe mu rauta. Zonse ziwiri zimaletsa zipangizo kuonana. Mukasuntha pulinta, pewani kuibisa m'kabati yachitsulo, kuseri kwa filiji kapena pafupi ndi microwave, yomwe imasokoneza 2.4 GHz.

Kupulinta kwa pakhomo sikudya bandulo, chifukwa fayilo imangochoka pa foni kudzera pa rauta n'kufika pa pulinta. Bandulo ikatha, mapulinta ambiri amagwirabe ntchito bola rauta ili yoyaka, kupatula a HP olembetsedwa pa ndondomeko ya HP+ omwe amafuna intaneti. Ndipo ngati mwini MiFi amapita nayo ku ntchito, otsala pakhomo ayatse Wi-Fi Direct (yolumikiza foni ndi pulinta osadzera pa rauta) pa pulinta, alumikize foni ku dzina loyamba ndi DIRECT, pasiwedi yake aipeza pa pepala la netiweki lomwe pulinta imatulutsa.