Momwe mungakonzekerere ulendo wa pa RV wokaona mapaki a m'mapiri ku America

Kumadzulo kwa America kuli mtandadza wa mapiri otchedwa Rocky Mountains, ndipo m'menemo muli mapaki anayi amene munthu angawayendere pa ulendo umodzi wa milungu itatu: Rocky Mountain ku Colorado, Grand Teton ndi Yellowstone ku Wyoming, komanso Glacier ku Montana, kumalire ndi Canada. Anthu a kuno amakonda kupitako pa RV, galimoto yomwe mkati mwake muli bedi, khitchini, firiji ndi chimbudzi. Abale athu okhala ku Indiana, ku Texas ndi madera ena akaona zithunzi pa WhatsApp amafunsa kuti munthu amayambira pati. Ambiri amathamangira mapu. Nafenso tinatero, ndipo tinanong'oneza bondo. Yambani ndi kalendala, kenako malo ogona, kenako galimoto. Mapu abwere pambuyo.

Choyamba: sankhani mwezi

Chilimwe cha kuno ndi Juni mpaka Ogasiti, nthawi yomwe kwathu anthu amakhala akuwotha moto. Koma pamwamba pa mapiri chilimwe chimafika mochedwa. Msewu wa Trail Ridge ku Rocky Mountain nthawi zambiri amautsegula kumapeto kwa Meyi, pomwe Going-to-the-Sun wa ku Glacier umatha kukhala wotsekeka ndi chipale chofewa mpaka kumapeto kwa Juni, zaka zina mpaka mu Julayi. N'chifukwa chake ulendowu umayambira kummwera, mumzinda wa Denver ku Colorado, n'kukathera kumpoto. Mukanyamuka kumayambiriro kwa Julayi mudzapeza misewu yonse ili yotsegula. Ogasiti ndi wabwinonso, kungoti zaka zina utsi wa moto wolusa umaphimba mapiri onse, munthu n'kumajambula chifunga.

Chachiwiri: sungitsani malo ogona, musanalipire galimoto

Apa ndi pamene pagona nkhani. M'mapaki amenewa simuloledwa kungoima m'mbali mwa msewu kapena pamalo oimika galimoto n'kugona. Mumagona m'makampu okhazikitsidwa basi, ndipo malo ake amatha miyezi yambiri chilimwe chisanafike. Makampu ambiri amasungitsidwa pa webusaiti ya boma ya Recreation.gov, ndipo kawirikawiri malo amatsegulidwa kutatsala miyezi isanu ndi umodzi. Ngati mukufuna kugona pa 10 Julayi, pa 10 Januwale mukhale muli pa kompyuta nthawi isanakwane 10 koloko m'mawa, pa wotchi ya ku New York. Akaunti mutsegule dzulo lake, nambala ya khadi yakubanki muilowetseretu, ndipo mulembe papepala malo atatu kapena anayi amene mungawalandire woyambayo akakuphonyani. Fisi akagwa m'mbuna salankhula; mukachedwa ndi mphindi khumi mudzangotenga chotsala.

Ku Rocky Mountain yang'anani Moraine Park kapena Glacier Basin. Ku Grand Teton kuli Colter Bay, Gros Ventre ndi Signal Mountain. Ku Glacier kuli Apgar ndi Fish Creek kumadzulo, St. Mary ndi Many Glacier kummawa. Yellowstone ndi yosiyanako: makampu akuluakulu a Madison, Canyon, Grant Village, Bridge Bay ndi Fishing Bridge akhala akusungitsidwa kudzera ku kampani ya Yellowstone National Park Lodges, ndipo kumeneko akhala akuyamba kulandira mayina kale kwambiri kuposa miyezi isanu ndi umodzi ija. Mukhoza kuyamba ndi amenewa.

Dziwaninso kuti makampu ambiri a mkati mwa paki alibe polumikiza magetsi kapena madzi. Mumadalira batire, gasi ndi madzi amene mwanyamula mu thanki. Ku Yellowstone konse, Fishing Bridge yokha ndi imene ili ndi magetsi, madzi ndi paipi yotayira zonyansa pamalo alionse, ndipo salola matenti chifukwa cha zimbalangondo. Njira yomwe inatithandiza ndi yosinthanasinthana: masiku awiri kapena atatu mkati mwa paki, kenako usiku umodzi pa kampu ya anthu abizinesi kunja, monga m'tauni ya West Yellowstone kapena ya Estes Park, kuti tichape zovala, titchaje batire ndi kusamba mosawerengera madontho.

Mukalephera kupeza malo, musataye mtima msanga. Anthu amasintha maganizo n'kubweza malo awo, makamaka kukatsala milungu iwiri, choncho muzisuzumirako. Nkhalango za boma zoyandikana ndi mapakiwa zilinso ndi makampu ake otsika mtengo.

Chachitatu: sankhani galimoto yaifupi

Maso amakopeka ndi chigalimoto chachikulu ngati basi. Musamvere maso. Malo alionse a pa kampu ali ndi muyezo wake, ndipo pobukitsa amakufunsani kutalika kwa RV yanu m'mafiti. Ikapitirira mafiti 30, malo amene mungalowe amachepa kwambiri. Kwa banja la anthu anayi kapena asanu, ya mafiti 22 mpaka 25 ndi yokwanira, ngakhale mudzagundana zigongono m'khitchini.

Ku Glacier kuli lamulo lomwe limadzidzimutsa ambiri. Pa msewu wa Going-to-the-Sun, pakati pa Avalanche Creek ndi Rising Sun, saloleza galimoto yotalika kupitirira mafiti 21 kapena yotambalala kupitirira mafiti 8, kuphatikizapo magalasi am'mbali. Msewuwo anausema m'thanthwe kuyambira zaka za m'ma 1920 mpaka mu 1932, mbali ina khoma lamwala, mbali inayo phompho. RV zambiri zobwereka sizikwana. Ife tinadziwira pomwepo, titaima pachikwangwani n'kumayang'anizana. Chochita ndi kusiya RV pa kampu n'kukwera mabasi a paki opita ku Logan Pass, pamwamba penipeni pa msewuwo, kapena kubwereka galimoto yaing'ono tsiku limodzi. Mukafuna kuwoloka ndi RV kuchoka kumadzulo kupita kummawa, dzerani msewu wa US 2 wozungulira kummwera kwa paki.

Zobwereka zimapezeka ku makampani monga Cruise America ndi El Monte, kapena kwa eni ake kudzera pa webusaiti ya Outdoorsy. Laisensi wamba ndi yokwanira pa RV za msinkhu umenewu. Musanasaine, funsani izi: mamailosi angati ali kale mu mtengo ndipo owonjezera ndi ndalama zingati, jenereta amalipiritsa pa ola kapena ayi, inshuwalansi ikuteteza denga ndi matayala kapena ayi, komanso ngati mapoto ndi zofunda zilimo. Kuibweza kumzinda wina kumakwera mtengo kwambiri, choncho ndi bwino kuyambira ku Denver n'kubwereranso komweko.

Chachinayi: yalani njira ndi masiku

Kuchoka ku Denver kufika ku Estes Park, pakhomo la Rocky Mountain, ndi makilomita ongopitirira 100. Gonani kumeneko masiku atatu. Kuchoka apo kukafika ku Grand Teton ndi pafupifupi makilomita 800, kudutsa m'zigwa za Wyoming momwe mphepo imakankha RV ngati ikufuna kuichotsa mumsewu. Mtunda umenewu muugawe pawiri. Ku Grand Teton masiku atatu ndi okwanira, ndipo Yellowstone ili pafupi pomwepo, kumpoto kwake.

Yellowstone ipatseni masiku asanu. Paki imeneyi, yomwe inakhazikitsidwa mu 1872, ndi yaikulu kuposa momwe imaonekera pa mapu. Msewu wake waukulu umazungulira ngati nambala 8, makilomita pafupifupi 230, ndipo liwiro lololedwa silipitirira mamailosi 45 pa ola. Njati zikaganiza zoyenda pakati pa msewu ku Hayden Valley kapena ku Lamar Valley, onse mumaima mpaka zitakhuta. Choncho gonani m'makampu awiri osiyana, ina chakummwera pafupi ndi Old Faithful, kasupe wamadzi otentha amene amathovoka pafupifupi ola ndi theka lililonse, ina chakumpoto. Malo oimika RV amadzaza nthawi ya 9 koloko m'mawa. Dzukani tambala asanalire, mudzaonenso nyama zambiri.

Kuchoka ku Yellowstone kupita ku Glacier ndi makilomita opitirira 600, ndipo kubwerera ku Denver ndi opitirira 1,500, omwe amafuna masiku atatu. Nthawi imene foni ikukuuzani muziwonjezerapo ndithu, chifukwa imawerengera galimoto yaing'ono. Mapu muwatsitsiretu mu foni popeza netiweki m'mapakimu ndi yosowa. Rocky Mountain ndi Glacier akhala akufuna chilolezo cholowera pa nthawi yoikika m'zaka zaposachedwa, ndipo malamulowo amasintha chaka ndi chaka, choncho muone pa nps.gov, webusaiti ya mapaki a boma, m'mwezi wa Malichi kapena Epulo.

Chachisanu: werengani ndalama moona mtima

Mafuta ndi amene amapweteka. RV ya msinkhu wapakati imamwa malita 25 kapena kupitirirapo pa makilomita 100 alionse. Ulendo wonsewu, kuphatikizapo kuzungulira m'mapaki, umafika pafupifupi makilomita 4,000, kutanthauza malita 1,000, omwe ndi magaloni pafupifupi 265. Chulukitsani ndi mtengo wa galoni wa nthawiyo. Polowera, gulani khadi ya chaka chonse yotchedwa America the Beautiful, yomwe kwa okhala ku America ndi $80 ndipo imalowetsa galimoto yonse m'mapaki onse anayi. Ngati muli ndi achibale ongobwera kudzacheza, afufuzireni mtengo wawo padera, chifukwa kuyambira mu 2026 alendo ochokera kunja amalipira zambiri.

Chachisanu ndi chimodzi: phunzirani kutsika phiri

Kukwera n'kosavuta, injini imangolira basi. Kutsika ndi kumene kumavulaza anthu. Mukapondereza mabuleki mtunda wautali amatentha, amayamba kununkha ngati labala wopsa, kenako amasiya kugwira. Musanayambe mtsetse, ikani giya yotsika kapena dinani batani lolembedwa kuti tow/haul, injini ndiyo izigwira galimoto. Liwiro likakwera, pondani mwamphamvu masekondi ochepa n'kusiya. Kumbuyo kukadzaza mdipiti wa galimoto, patukani pamalo opatukira adutse. Palibe mphotho yofika woyamba. Teton Pass, kumadzulo kwa tauni ya Jackson, ndi yotsetsereka kwambiri, ndipo Beartooth Highway ndi yokhotakhota. Ngati ndi ulendo wanu woyamba, zipeweni. Lembani kutalika kwa denga la RV papepala n'kumata pafupi ndi chiwongolero. Ngati dzanja lanu linazolowera kuyenda kumanzere ngati kwathu, tsiku loyamba muyende pang'ono.

Thupi nalo limamva phiri. Trail Ridge imafika mamita 3,713, kupitirira nsonga ya Sapitwa pa Mulanje ndi mamita oposa 700, ndipo mumafikako mutakhala pampando. Mutu umapweteka, mpweya umaperewera. Gonani usiku umodzi kapena uwiri ku Denver kapena ku Estes Park musanakwere, muzimwa madzi ambiri, ndipo mowa uyambe wadikira. Masana kumabwera mabingu ndi ziphaliwali, choncho zokwera mapiri pansi muzichita m'mawa. Majuzi ndi mabulangete nyamulani. Usiku wa mu Julayi ku Yellowstone umazizira kuposa wa ku Dedza.

Chachisanu ndi chiwiri: khitchini ndi zimbalangondo

Gulani chakudya chambiri ku Denver, Jackson kapena Bozeman, chifukwa timasitolo ta m'paki timadula. Ufa nyamulani, nsima imapsa bwinobwino. Nyemba ndiye zimavuta: pamwamba chonchi madzi amawira asanatenthe kwenikweni, moti mukhoza kutha gasi yense zikadali zolimba ngati miyala. Gulani za m'zitini kapena tengani poto wa puleshala. Firiji ya gasi imafuna galimoto itaima mowongoka, choncho pansi pa matayala muziika timatabwa tolinganizira.

Tsono za usipa. Ife tinakazinga kamodzi ku Glacier, fungo n'kudzaza kampu yonse, ndipo mayi wina woyandikana nafe anabwera kudzatikumbutsa mwaulemu kuti chimbalangondo chimanunkhiza patali kuposa galu. Zoona zake. Chilichonse chonunkhira, kaya poto wosatsuka, sopo kapena mankhwala otsukira mano, chizigona mkati mwa RV zitseko zili zotseka, ndipo madzi otsukira mbale musamakhuthule pansi. Lamulo la ku Yellowstone ndi Grand Teton limati mutalikirane ndi zimbalangondo ndi mimbulu mamita 91, ndipo njati ndi nyama zina mamita 23. Njati imaoneka yofatsa ngati ng'ombe ya pa ngolo, koma imathamanga kuposa munthu ndipo yavulaza alendo ambiri ofuna kujambulitsa nayo. Gulani bear spray, mankhwala opopera othamangitsira zimbalangondo, mukafika komweko, chifukwa m'ndege salola, ndipo muziyenda nayo m'chiuno.

Chomaliza: mathanki

RV ili ndi mathanki atatu: ya madzi abwino, ya madzi otsukira ndi osambira, ndi ya kuchimbudzi. Masiku atatu kapena anayi alionse mumapita pamalo otayira, omwe amapezeka m'makampu akuluakulu. Valani magolovesi, lumikizani paipi mwamphamvu mbali zonse ziwiri, tsegulani ya kuchimbudzi poyamba, ikatha muitseke, kenako mutsegule ya madzi osambira kuti atsuke paipiyo. Paipi yothirira madzi akumwa ikhale yosiyana, ndipo muziisunga m'thumba lakelake. Tsiku lotenga galimoto, pemphani wokupatsaniyo achite zonsezi inu mukujambula vidiyo pa foni, ndipo mujambulenso paliponse pamene pali pokalika kale, ndi padenga pomwe. Pobweza, mathanki awiri aja, ya kuchimbudzi ndi ya madzi osambira, akhale opanda kanthu ndipo ya petulo ikhale yodzaza, apo ayi adzakudulani pa ndalama ya chikole.