Musanasankhe pakati pa M5 ndi E 63 S, yendani pang'onopang'ono

Kuno ku Johannesburg ndimagwira ntchito pamalo ena ogulitsa magalimoto oyendapo kale, ndipo gawo langa ndi kuperekeza makasitomala akamayesa galimoto. Pafupifupi aliyense akangokhala pachiwongolero cha BMW M5 kapena Mercedes-AMG E 63 S amafuna tilunjike pamsewu waukulu wa N1 kuti aponde moto. Ine ndimakana. M5 ya 2018 ndi E 63 S ya zaka zomwezo zonse zili ndi injini ya V8 ya maturbo awiri, zonse zimakoka ndi matayala anayi, ndipo opanga ake amati zonse zimafika pa 100 km/h m'masekondi 3.4. Pamsewu woyenda 120 mungosangalala ndi mkokomo, osaphunzirapo kanthu. Kusiyana kwake kumaonekera pa 40 ndi pa 60.

Musanalize injini, onani mphepo ya m'matayala. Galimoto zambiri zoimikidwa pamalo ogulitsira zimakhala zopopedwa mopyola, ndiye zimagunda ngati ngolo ya ng'ombe, inu n'kumaida galimoto yosalakwa. Kenako konzani mpando mmene mumayendetsera tsiku ndi tsiku, mutsike, mukakhale kumbuyo kwa mpando womwewo. Ngati mawondo akugunda, dziwani kuti apongozi anu adzadandaula ulendo wonse.

Sankhani njira imodzi ndipo muidutse ndi galimoto zonse ziwiri tsiku lomwelo, zonse mutazitchera pa Comfort, kayendedwe kake kofewa. Njira yanga ili ndi mahampu atatu, msewu wazigamba, maroboti anayi ndi pokhota pamodzi pakuthwa. Zimitsani wailesi. Pahampu, mverani msana, osati makutu: kodi galimoto yatsika n'kukhazikika kamodzi, kapena ikugwederabe? E 63 S imayenda pa masipuling'i a mpweya pomwe M5 ili ndi achitsulo, ndiye anthu amaganiza kuti Mercedes ndiyo yofewa. Kwa ine ayi. E 63 S yotuluka isanafike 2020 imakuuzani kabowo kalikonse; zotuluka pambuyo pake anazifewetsako.

Chachiwiri chimene ambiri amaiwala ndi kukwawa pa maroboti. Chotsani phazi pa buleki osaponda mafuta. M5 ya magiya 8 imanyamuka mwaulemu ngati otomatiki wamba. E 63 S ya magiya 9 imagwiritsa ntchito kilachi yonyowa m'mafuta, ndipo nthawi zina mumaimva ikugwira. Pothamanga zimenezo n'zokoma. Koma mumzere wa m'mawa wopita ku Sandton, dzifunseni ngati mudzapirira.

Ndiye mabatani. Apa ndili ndi manyazi anga. Ndinaphunzira kuyendetsa pa Toyota zochokera ku Japan, za indiketa ya kumanja. Mu E 63 S, kandodo ka kumanja kwa chiwongolero ndi ka magiya. Tsiku langa loyamba ndikufuna kukhota, ndinakankha kandodoko, galimoto n'kulowa nyutulo, injini kubangula, bwana wa kumbuyo kungoti tcheru. Cholakwa chinali cha dzanja langa. Chifukwa chake ndimauza aliyense kuti asanachoke pageti ayese zinthu zitatu osayang'ana pansi: kuchepetsa kuzizira, kutsitsa wailesi, ndi kusintha kuchoka pa Comfort kupita pa Sport. M5 ili ndi mabatani awiri ofiira pachiwongolero, M1 ndi M2, osungira mmene mwaikonzera, ndipo chala chimawapeza chokha. Mercedes zatsopanoko zili ndi tokhudza ndi chala pachiwongolero. Ndi manja a thukuta ine ndimaphonya, mwina inu ayi.

Pokhota pakuthwa pomwe paja, lowani ndi liwiro lofanana m'galimoto zonse. Onani ngati mukuwonjezera chiwongolero muli pakati pa kukhota kapena mwakhotetsa kamodzi basi. E 63 S imandimvetsa msewu kwambiri m'manja, M5 imandipumitsa. Wofuna kuyenda mpaka Durban osatopa ndimamuloza ku M5.

Ngati mukuganizira M5 ya 2024 ija yochajitsa, imene imalemera kupitirira makilogalamu 2,400, onjezani chinthu chimodzi: pamsewu wopanda anthu pondani buleki mwamphamvu kuchokera pa 80, mumve mmene mphuno yake ikugwadira.